Kuona Maso a Nkhono

Mvula zoyamba zikagwa kwa Mavwere, nkhono zimatuluka m'zinyalala ndi m'mphepete mwa madimba n'kumakwawa pa dothi lonyowa, nyumba ili kumsana. Mwana aliyense wakumudzi adaionapo nkhono, koma si aliyense amene adaona maso ake. Masowo ndi timadontho tiwiri takuda kunsonga kwa tinyanga tam'mwamba, ndipo ukangofika ndi phuma, kapena kugogoda chigoba, nkhono imafunya tinyangato n'kubweza maso m'kati. Umatsala ndi chigoba m'manja, n'kupita kukauza anzako kuti nkhono ilibe maso. Apa ndi pomwe akale adatolapo mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ano timaunena potonthoza munthu amene zinthu zikumuchedwera, ngati kuti ukutiuza kupinda manja n'kukhala pakhonde. Komatu amene adaonadi maso a nkhono sadakhale pakhonde. Adapita pomwe nkhonoyo ili, adanyonyomala, adadziwa poyang'ana, ndipo adayang'anitsitsa mpaka tinyanga titatuluka. Kudekha kwa m'mwambiwu kuli ndi thukuta lake. Kumene kulibe thukuta kuli ndi dzina lina, ndipo akale omwewo adakutchula pamwambi wa Zengerezu amene adalinda kwawukwawu.

Kusiyana kwa kudekha ndi kuzengereza kumaoneka bwino pa maso a munthu wodwala matenda a shuga. Chizolowezi chathu n'choti diso timapita nalo kuchipatala likayamba kudandaula, likafiira, likatuluka manthongo, likayabwa kapena likachita chifunga. Pa matenda ambiri a maso chizolowezichi sichitipweteka kwenikweni. Ngakhale ng'ala, imene imachititsa khungu anthu ochuluka kuposa matenda ena onse a maso, imamulola munthu kuchedwa, chifukwa adokotala akaichotsa kuona kumabwerera. Shuga sachita choncho. Amadya diso kuchokera kumbuyo, kumene kalilole safikako, kwa zaka zambiri munthu akuona bwinobwino, ndipo pamene chifunga chikuyamba amakhala atawononga kale zina zomwe sizibwezeka. Choncho wodwala shuga wa ku Waliranji kapena ku Nkhwazi ayenera kuunikidwa kumbuyo kwa diso, makamaka pojambulidwa chithunzi, pa nthawi imene iye mwini akulumbira kuti maso ake alibe vuto. Ambiri adzati uku n'kufunafuna matenda pomwe palibe. Mawu amenewa ali ndi nzeru zake ndipo ndiwayankha, koma tiyambe taona zimene zimachitika m'kati muja.

Kumbuyo kwa diso, m'kati, kudayalidwa kansalu kopyapyala kosakwana theka la milimita, kamene madokotala amati retina. Kansaluka ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Pakati pake pali kabwalo kakang'ono kotchedwa macula, ka mamilimita pafupifupi 5, ndipo ntchito zonse zofuna diso lakuthwa zimadalira kabwalo kameneka: kulowetsa ulusi pa singano, kuwerenga uthenga wa ndalama pa foni, kusiyanitsa tsamba la fodya labwino ndi lothimbirira, kutola njere ya mtedza yachuku pakati pa zinzake m'lichero. Retina amadya mpweya wa m'magazi kwambiri, choncho adalukidwa ndi timitsempha tochepetsetsa, moti timaselo ta magazi timadutsamo pamzere kamodzikamodzi ngati anthu pa mlatho wa mtengo umodzi. Kunja kwa kamtsempha kalikonse kuli timaselo tina tokakumbatira, tolimbitsa khoma lake. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka, timaselo tokumbatirati timafa, khoma limafooka, ndipo pofookapo pamatupa kathumba, monga chimachitira chubu cha njinga ya kabaza chikaperepeseka mbali imodzi. Timatumba timeneti ndi chizindikiro choyamba chimene chithunzi chimagwira. Timaoneka ngati timadontho tofiira, ndipo tambiri n'tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Maso a nkhono ndi amenewo.

Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete. Timatumba tina timaphulika n'kusiya timabanga ta magazi. Tina timadontha madzi ndi mafuta, ndipo mafutawo amatsalira pa retina ngati timiyala tachikasu. Timitsempha tina timatsekeka, chigawo chimene tinkathirira chimauma, ndipo pachithunzi pamaoneka kachigamba koyera ngati thonje. Retina wosowa mpweya amatulutsa mankhwala oitanitsa mitsempha yatsopano, koma imene imamerayo ndi yonga chimanga chomera pamthunzi, yoonda ndi yosalimba. Tsiku lina umodzi umang'ambika n'kukhuthulira magazi m'madzi olimba odzaza diso, ndipo munthu amadzuka akuona utsi kapena ukonde wa kangaude. Zipsera zikadzakhwima zimakoka retina n'kumusendeza pakhoma, monga pepala lomatidwa ndi phala losakwanira. Njira ina yofikira kukhungu ndi ya madzi odontha aja akadzadza pa macula n'kumutupitsa. Pa ulendo wonsewu palibe ululu, chifukwa retina alibe mitsempha yomvera kupweteka. Dzino likabooka limakugonetsa maso, chilonda chimanunkha, koma retina amangoti zii. Kuwonjezera apo, diso limodzi limabisa zofooka za linzake, ndipo ngati zowonongekazo sizidafike pakati, munthu angathe kuwerenga mzere wotsiriza pa bolodi ya kuchipatala pamene diso lake latsala pang'ono kukha magazi. Tsoka silinunkha, adatero akuluakulu. Tsoka ili lokha limajambulika.

Diso ndi malo m'thupi pamene mitsempha ya magazi ya munthu wamoyo imaoneka bwino popanda kumucheka. Khomo lake ndi kamwana ka diso. Hermann von Helmholtz wa ku Germany adalengeza m'chaka cha 1851 za kachipangizo kounikira kudzera pakhomopo, ndipo pofika 1856 Eduard Jaeger wa ku Vienna adali atajambula kale ndi dzanja zimene adaona kumbuyo kwa diso la wodwala shuga. A Malawi tisamve ngati nzeru yoyang'ana kumbuyo kwa diso ndi yachilendo kwathu, pakuti imodzi mwa nkhani zake zazikulu idachitikira ku Blantyre. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, Susan Lewallen ndi anzake adafotokoza m'chaka cha 1993 zizindikiro zapadera zimene zimaoneka pa retina wa mwana wodwala malungo a mu ubongo. Kafukufuku wa Terrie Taylor ndi anzake, wofalitsidwa mu 2004, adapeza kuti mwa ana 31 amene adamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo, 7 adafa ndi matenda ena, ndipo kuunika retina ndi kumene kukadawasiyanitsa ndi anzawo akali moyo. Madokotala a m'maiko ambiri adaphunzira zimenezi kwa ana a ku Malawi. Retina amanena za ubongo, amanenanso za impso, pakuti timitsempha ta impso timadyedwa ndi shuga mofanana ndi ta m'diso. Timadontho tofiira pa chithunzi cha diso ndi mbiri ya thupi lonse.

Nanga pakati pa odwala shuga athu, vutoli ndi lalikulu bwanji? Philip Burgess wa ku Liverpool pamodzi ndi madokotala a kuno adaunika ndi kujambula maso a anthu 357 olandira chithandizo cha shuga pa zipatala za Queen Elizabeth ndi Zomba Central, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2014. Theka la anthuwo lidali ndi zizindikiro za shuga pa retina. Anthu 29 mwa 100 alionse adali atafika poti kuona kwawo kuli pachiswe, ndipo 7 mwa 100 adali atamera kale mitsempha yosalimba ija. Amene adakhala ndi shuga zaka zambiri, amene shuga wawo adali wokwera, ndi amene BP yawo idali yokwera ndiwo adapezeka ndi vuto lalikulu, monga zilili kulikonse. Koma padatulukanso china chimene chikutikhudza ife makamaka: kuchepa kwa magazi m'thupi kudayendera limodzi ndi kuwonongeka kwa retina. M'dziko la malungo, njoka zam'mimba ndi miyezi ya njala, zimenezi n'zosadabwitsa, chifukwa retina amene timitsempha take tatsekeka kale akalandiranso magazi osanyamula mpweya wokwanira amavutika kawiri. Kwa anansi athu ku Zambia, pamene adayendayenda ndi kamera m'zipatala za ku Copperbelt, adapeza chimodzimodzi: pafupifupi theka la odwala shuga lidali ndi zizindikiro, ndipo oposa mmodzi mwa atatu alionse adali pangozi yotaya kuona.

Wotsutsa woyamba adzati ziwerengerozi ndi za m'tauni ndi za zipatala zazikulu, kumene kumasonkhana odwalitsitsa, ndipo kwa Mavwere anthu amagwira khasu, amayenda pansi, shuga ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu. Mbali ina akunena zoona. Odwala a pa chipatala chachikulu saimira mudzi, ndipo shuga ngwochepadi kumudzi. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU, amene adayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 kumidzi ya ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, adapeza shuga mwa anthu pafupifupi 2 pa 100 kumudzi ndi 3 pa 100 m'tauni. Koma kusiyana kwa 2 ndi 3 sikungachititse matenda kukhala a mabwana okha, ndipo azachipatala amadziwa kuti kuno shuga amagwiranso anthu oonda amene sadanenepepo. Kafukufuku yemweyo adapezanso kuti 41 mwa odwala 100 alionse sankadziwa kuti ali ndi shuga. Apa ndi pomwe pali ngozi ya wakumudzi. Shuga wa akuluakulu amatha kukhala m'thupi zaka zingapo asadadziwike, ludzu ndi kukodzakodza zikunamiziridwa kutentha kwa Okutobala, kufooka kukunamiziridwa ntchito ya kumunda. Tsiku limene munthu akuuzidwa kuti ali ndi shuga, retina wake amakhala atamva kale shugayo kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake malangizo a madokotala amati wamkulu wopezeka ndi shuga aunikidwe maso nthawi yomweyo, pamene mwana kapena wachinyamata wa shuga wofuna insulin angayambe patapita zaka zisanu. Ndipo kuchepa kwa odwala kumudzi kukupeputsa ntchito. Palibe amene akunena zojambula maso a boma lonse la Mchinji. Ojambulidwa ndi okhawo amene maina awo ali kale m'kaundula wa kiliniki ya shuga, kamodzi pachaka.

Wotsutsa wachiwiri ndi wolemera kuposa woyamba, ndipo sayenera kuyankhidwa mopepuka. Iye akuti walira mvula walira matope. Mukajambula maso mudzapeza odwala, nanga mudzawatani? Chithandizo cha leza (kuwala kowotcha) ndi jakisoni wa m'diso zimapezeka m'zipatala zazikulu za maso, monga cha Lions Sight First pa Kamuzu Central ku Lilongwe, osati m'zipatala zing'onozing'ono zam'midzi. Kumuuza mlimi kuti diso lake lili pangozi, iye alibe ya minibasi, alibe kogona mumzinda, fodya ali m'chigafa, si kungomusenzetsa nkhawa kodi? Umboni wina uli kumbali ya wotsutsayu. Ku Kilimanjaro, m'dziko la Tanzania, adayendetsa kamera m'makiliniki a shuga a m'chigawo chonse, koma mwa amene adauzidwa kuti apite ku chipatala chachikulu cha maso, ochepera theka ndiwo adapita. Munthu amene akuona bwino n'kovuta kumukhulupiritsa kuti agulitse nkhuku chifukwa cha diso losapweteka.

Komabe wotsutsayu akuiwala kuti mankhwala oyamba a retina sali ku Lilongwe. Timadontho tikangoyamba kuoneka, chofunika ndi kutsitsa shuga ndi BP, ndipo zida zake ndi metformin, insulin, mapiritsi a BP ndi kadyedwe, zomwe ndi ntchito ya kiliniki ya shuga yomweyo. Kafukufuku wamkulu wa ku America ndi Canada, wofalitsidwa mu 1993, adasonyeza kuti pakati pa odwala shuga wofuna insulin, kusunga shuga pafupi ndi mlingo wake kudachepetsa ndi 76 pa 100 ngozi yoti retina ayambe kuwonongeka. Wina wa ku Britain, wa mu 1998, adapeza kuti kwa odwala shuga wa akuluakulu, kutsitsa BP kudachepetsa kuipiraipira kwa retina ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho ambiri mwa ojambulidwa sadzafunika ulendo wa mumzinda. Chithunzi chidzangouza wachipatala kuti wodwala uyu, amene amaoneka wathanzi ndipo amangopatsidwa mapiritsi omwewo mwezi ndi mwezi, akufunika kuonjezeredwa mankhwala ndi kuyezedwa impso. Chidzauzanso wodwalayo. Nambala ya shuga yolembedwa m'buku lachipatala ndi chinthu chouma, chimakwera lero n'kutsika mawa malinga ndi nsima ya dzulo. Koma munthu akaonetsedwa diso lake lenileni, lofiirira ngati dzuwa lolowa, n'kumulozera timadontho timene kudalibe chaka chatha, amamvetsa chifukwa chomwera mankhwala pa matenda amene sakumupweteka.

Kwa ochepa amene afika pofunika leza, ndi chithunzi chomwecho chimene chimasankha oyenera kukwera minibasi pa msewu wa M12, kuti ndalama ya nkhuku isapite pachabe. Ndipo nthawi ndi imene imalamula pamenepa. Zidadziwika kuyambira 1976 kuti leza imachepetsa ndi kupitirira theka ngozi ya khungu kwa amene amera mitsempha yosalimba. Imagwira ntchito ngati mlimi amene amatentha dala udzu wozungulira nkhokwe kuti moto wolusa ukadzabwera usapeze podutsa. Dokotala amawotcha timadontho tambirimbiri m'mphepete mwa retina kuti njala ya mpweya ichepe, mitsempha yoipa ifote, pakati papulumuke. Ili ndi mtengo wake, pakuti kuona kwa m'mbali ndi kwa usiku kumatha kuchepa, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi poyera. Koma leza imateteza chimene chilipo, siibweza chimene chapita. Wobwera diso litadzaza magazi kapena retina atasendezeka amafunika opaleshoni yovuta, imene ngakhale m'maiko olemera siilonjeza kanthu. Ku England adayamba kujambula maso a odwala shuga onse chaka ndi chaka mu 2003, ndipo pofika 2010 shuga adali atasiya kukhala woyamba pochititsa khungu anthu a msinkhu wogwira ntchito, malo amene adakhalapo zaka zosachepera 50. Kutsika kumeneku kudayendera limodzi ndi kusamalidwa bwino kwa shuga yemwe, koma gawo la kamera palibe amene amalikana. Za amene sapita akatumizidwa, ku Rwanda adayesapo njira: odwala ena adauzidwa zotsatira nthawi yomweyo atangojambulidwa, ena patapita masiku. Mwa ouzidwa mochedwa, pafupifupi 40 pa 100 adapita kwa dokotala wa maso, pamene mwa ouzidwa pomwepo adapita opitirira 50. Matope akadalipo ndithu, koma zikuoneka kuti amachepa munthu akauzidwa chithunzi chili pamaso pake.

Tiyeneranso kuwerengera matope a mbali inayo, amene wotsutsa sawatchula. Khungu la wodwala shuga ndi loipa kuposa khungu lina, chifukwa matendawa amafuna maso kuti munthu adzisamale. Wosaona sangawerenge timizere ta pa jakisoni wa insulin, sangasiyanitse piritsi la shuga ndi la BP, sangaone kachilonda kuphazi kamene mitsempha yake yakufa dzanzi siikukamva, ndipo kachilonda kotero ndi kamene kamathera kodulidwa mwendo. Shuga amachititsa khungu anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50, amene akulipira fizi ndi kugula feteleza. Ndipo wakhungu kumudzi sachita khungu yekha. Pamakhala mwana, kawirikawiri wamkazi, amene amasiya sukulu kuti azigwira ndodo kutsogolo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikusangalatsa akatswiri masiku ano, ndipo ndi pomwe ndikufuna kuti tisatengeke. Mu 1991 ku Massachusetts Institute of Technology adatulukira makina otchedwa OCT, amene amagwiritsa ntchito kuwala kuonetsa retina ngati wadulidwa chopingasa, mizere yake yonse ili poyera ngati mizere ya dothi pakhoma la chitsime. Makinawa amayeza kutupa kwa macula molondola kuposa diso la dokotala aliyense. Mtundu wake watsopano, umene udafala cha m'ma 2015, umajambula ngakhale magazi akuyenda m'timitsempha tochepetsetsa, popanda kubaya wodwala utoto m'mkono monga zakhala zikuchitikira kuyambira 1961. Ndi makina amenewa ofufuza apeza kuti mwa odwala shuga ena amene chithunzi wamba chikuti alibe vuto, timitsempha tina tazimirira kale, kabwalo kopanda mitsempha ka pakati penipeni pa macula kakula, ndipo mzere wa maselo otumiza uthenga ku ubongo wayamba kupyapyala. Ndiye kuti nkhono ili ndi maso ena aang'ono kuposa amene tinkawadziwa. Ndi nzeru yokoma, ndipo ikutiphunzitsa kuti chithunzi choyera si chilolezo chotayirira mankhwala. Koma ku funso loti wodwala wopezeka ndi zimenezi apatsidwe chiyani, yankho likadali lija lakale, kutsitsa shuga ndi BP. Makina a mtengo wa galimoto amene sasintha chithandizo malo ake ndi ku chipatala chachikulu ndi kosulira madokotala. Kungakhale kudzinamiza kunena kuti Mavwere adikire OCT, pamene chomwe chikuchititsa anthu khungu chimaoneka ndi kamera wamba.

Kamera wambayo yachepa thupi ndi mtengo womwe. Ilipo ya m'manja, ya batire, yokwana m'chikwama cha wokwera njinga yamoto, ndipo kujambula diso limodzi sikutenga nthawi yophikira tiyi. Kaunika wotchipa wotchedwa Arclight, woyendera dzuwa, wochokera ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland, adayesedwa ndi ogwira ntchito za maso kuno ku Malawi, ngakhale iye ndi wounikira chabe ndipo amafuna diso lozolowera. Wojambula safunika kukhala dokotala. Wofunika luso ndi wowerenga chithunzi, ndipo chithunzi chimayenda pa foni kukafika kwa azachipatala a maso amene amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Makompyuta nawo aphunzira kuwerenga. Dziko la America lidavomereza pulogalamu yoyamba yotere mu 2018, ndipo mu 2019 pulogalamu ina itayesedwa pa zithunzi za anthu 1,574 a ku Copperbelt idazindikira bwino ofunika kutumizidwa. Pano wotsutsa wachitatu ali ndi mfundo: kompyuta siidzayankha mlandu ikaphonya, ndipo maso a okalamba athu ambiri ali ndi ng'ala kapena zipsera zimene zimachititsa chithunzi kutuluka chifunga chokhachokha. Zoona. Koma chithunzi chosawerengeka nachonso ndi uthenga, pakuti wodwala shuga amachita ng'ala msanga, ndipo woteroyo ayenera kuonedwa ndi munthu. Kompyuta ikhale ngati sefa yolekanitsa ufa ndi misere, mwini mtondo akhalebe munthu.

Otsalawo amati Mmalawi sangayezetse chiwalo chosapweteka. Amene amanena zimenezi sadaime pansi pa mtengo tsiku la sikelo, pamene amayi amabwera ndi ana onenepa bwino, osadwala, kudzawapachika pa sikelo kuti kadontho kalembedwe pa khadi. Palibe mayi amene amafunsa chifukwa choyezera mwana wathanzi. Aliyense akudziwa kuti kadontho kamodzi sikanena zambiri, koma timadontho ta miyezi yotsatizana timaonetsa mzere, ndipo mzerewo ukayamba kugona, alangizi azaumoyo amadziwa thupi lisadanyentchere. Chimodzimodzi ndi ma ARV, amene boma lidayamba kupereka ulere mu 2004. Lero munthu wamphamvu zake amapereka magazi kuti aone kuchuluka kwa kachilombo, magaziwo amanyamulidwa pa njinga yamoto kupita ku labotale, zotsatira zimabwerera. Njira, kaundula, tsiku lobwerera, kulondola amene wasowa, zonsezi dziko lino lidazimanga kale chifukwa cha matenda amodzi. Ku Neno, boma ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adatsegula khomo lomwelo mu 2015 kuti odwala shuga, BP, mphumu ndi khunyu azilandirira chithandizo pamodzi ndi a HIV. Chithunzi cha diso ndi sikelo ya wodwala shuga, ndipo phindu lake lili pa kuyerekeza cha chaka chino ndi cha chaka chatha. Kudekha kwa m'mwambi kuja kumafika pamenepa, pobwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka ngakhale pamene chaka chatha sipadaoneke kanthu.

Kuyerekeza kotere kuli ndi vuto lake m'boma la m'malire. Munthu wa kwa Mavwere akadwala ali ndi njira zingapo: ku chipatala cha boma ku Mchinji, ku St Gabriel ku Namitete, ku Lilongwe, ndipo wa achibale kutsidya amatha kudutsa pa Mwami kulowera ku Chipata. Chipatala chilichonse chimamuona ngati watsopano. Chomwe chimayenda naye ponseponse ndi buku lake lachipatala, lopindika m'thumba la pulasitiki, choncho zotsatira za diso ziyenera kulembedwa mmenemo m'mawu amene wachipatala wa mbali iliyonse ya malire angamve, pamodzi ndi tsiku lojambulanso. Mayi wa shuga akaima, tsikulo liyenera kufupikitsidwa, chifukwa pakati pamafulumizitsa kuwonongeka kwa retina. Momwemonso munthu amene shuga wake adali pamwamba kwa zaka, n'kutsitsidwa mofulumira, retina wake amatha kuyamba waipirako asadakhazikike, ndipo miyezi imeneyo imafuna diso la pafupi.

Tsiku lojambulalo lili ndi zake zofunika kuzidziwiratu, chifukwa zing'onozing'ono ndi zimene zimabweza anthu. Kawirikawiri wachipatala amadonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka diso kuti khomo litseguke. Amaluma pang'ono, ndipo amatenga mphindi 20 kapena 30 kuti agwire. Kamera imathwanima ngati mphezi, koma siikhudza diso. Pambuyo pake kwa maola angapo zapafupi zimaoneka mbuu, dzuwa limathobwa m'maso, ndipo munthu amene sadachenjezedwe amakafalitsa kumudzi kuti mankhwala a kuchipatala aja ndi amene amapha maso. Wochenjezedwa amabwera ndi chipewa kapena chitenje chophimbira kumaso, sapalasa yekha njinga pobwerera, ndipo amadya kaye asadanyamuke, pakuti mzere wa kiliniki ndi wautali ndipo wamwa mankhwala otsitsa shuga m'mawa. Pofika madzulo kamwana ka diso kamakhala katayamba kubwerera m'malo mwake.